Sokosi ya Ubweya

Miyezi isanu ndi iwiri njinga yagona m'shedi
itafunda lona, chipale chofewa chitatseka khomo mpaka pa loko.
Lero ayezi wasweka pa mtsinje wa Oulu,
ndati ndiidzutse.

Oyilo ndinasintha ndekha chisanu chisanalowe.
Batire yagonera m'nyumba, pafupi ndi mbaula, ngati mwana wodwala.
Ndaponda kiki: khoso.
Ndapondanso: khoso, kenako zii.

Ndakhuthula petulo wakale wonunkha ngati vanishi,
ndathira watsopano.
Pulagi ndamasula, ndagunditsa pa chitsulo,
kamoto kabuluu thethethe, kali moyo.
Kabuleta ndaphwasulira pa nyuzipepala,
kabowo kalikonse ndauzira ndi pakamwa,
kasipuling'i kamodzi n'kundithawa,
theka la ola ndikukwawa pansi.

Veikko wa kuseri kwa mpanda akuti ndi fyuzi.
Kwa Veikko chilichonse ndi fyuzi,
ngakhale tsiku lomwe mkazi wake anachoka.

Mwendo wachita dzanzi. Khofi wazizira pa benchi.
Ndayamba kuilankhula mawu oti mwana asamve,
koma mwana alipo,
Sirkka, wanjuta kumbuyo,
akusuzumira m'paipi ya utsi.
Wapisamo zala ziwiri, akukoka, akukokabe,
yatuluka sokosi ya ubweya, yotuwa,

yanga,
yomwe ndinatsekerapo ndekha mu Okutobala
kuti mbewa zisamangemo,
ine n'kumanamizira makina ochapira chisanu chonse.

Kuponda kamodzi basi.
Utsi wadzaza shedi, malata akunjenjemera.
Sirkka wavala sokosi ija kudzanja,
akubayibitsa Veikko.