Matikiti Awiri a ku Manchester

Ine ndinangopita ngati dalaivala.
Tamsin sanandipemphe, anangosiya foni patebulo
tikiti ikuwala pagalasi, n'kunena kuti,
"Amayi ali pa shifiti ya usiku."
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
ndipo mawu ake onse kwa ine amakwana m'kapu ya tiyi:
ee, ayi, kaya, tsekani chitseko.

Kuchokera ku Hull mvula inatilondola msewu wonse,
mawaipa akukangana okha, ife duu.
Ku Leeds tinaima pamzere kuseri kwa fakitale yakale ya nsalu,
achinyamata atabisa mitu m'zipewa za majuzi,
ine ndi jekete langa la kudoko lonunkha dizilo ndi mchere,
khwangwala pakati pa nkhunda.

Ndinkayembekezera phokoso, matukwano, matcheni agolide.
Kunatulukira mnyamata woonda, Mottram,
malaya otuwa, botolo la madzi, mpando umodzi.
Sanakuwe.
Ng'oma inkagunda chapansipansi
ngati injini ya sitima isanafike padoko,
iye akuyala mawu pamwamba pake:
za mapiritsi amene amawerenga m'mawa uliwonse,
za lendi,
za nambala ya mnzake womwalira imene akulephera kuifufuta,
za bambo ake, amene ankakonza chilichonse m'nyumba,
mpope, wailesi, loko wa pachitseko,
koma osadziwa kufunsa mwana kuti uli bwanji.

Apo ndinameza mate.
Ndinayang'ana nsapato zanga ngati zandiitana.

Chapakati anaiwala mawu.
Anaima, naseka, nadzigwira kumaso,
ng'oma ikupitirira yokha ngati basi yosiya munthu pasiteji.
Ndiye anthu mazana anayi anamumalizira mzerewo,
ndipo m'khamu lonselo ndinamva liwu limodzi:
mwana wanga, maso ali chitsekere,
akulavula mawu aliwonse osaphonya,
misozi ikutsuka utoto wakuda wa m'zikope.
Kani pakamwa pamene ndinkati mpouma
panali mtsinje, ine ndi amene sindinkadziwa potungira.

Pobwerera tinaima pogulitsira mafuta.
Tchipisi chozizira, khofi wowawa.
Akunyambita mchere pachala anati,
"Mu February aimbanso ku Manchester."
Sanafunse. Inenso sindinayankhe.
Koma injini ndinailiza mochedwa.

Lero Lamlungu tayala mapulani kuseri kwa envelopu ya bilu ya gasi.
Galimoto ili ndi chifuwa, mapiri a Pennine m'nyengo ya chisanu siingawakwere.
Sitima yomaliza inyamuka iye asanatsike pa siteji,
choncho tigona konko.
Tamsin wapeza kachipinda pafupi ndi Piccadilly,
mabedi awiri, zenera loyang'ana khoma la njerwa,
mtengo wake wandichotsa thukuta m'nyumba yozizira.
Declan wavomera kundigwirira ntchito Lachisanulo,
koma akufuna ndimugwirire pa Khirisimasi.
Mbava. Ndavomera.

Akuti tikafike msanga, tikaime kutsogolo kwenikweni.
Ndamuuza za bondo langa.
Akuti bondo likapuma m'sitima.
Walemba: zotsekera m'makutu za adadi, ambulera, masangweji,
kenaka wafufuta masangweji,
akuti akudziwa malo a Zakudya za ku Lebanon, alipira yekha
ndi ndalama za kumalo otsukira magalimoto.

Mpope wa kukhitchini ukudontha, tho, tho,
sabata yachitatu tsopano.
Ndadzuka kukatenga sipanala.
"Nyimbo iti inakukhudzani?" wafunsa, osadzutsa mutu.
Ndaima pakati pa tebulo ndi kabati,
dzanja lili m'malere.
"Ija ya bambo wokonza zinthu."

Wayang'ana mpope, wayang'ana ine,
wakankha mpando ndi phazi.
"Usiyeni udonthe. Khalani pansi,
sitinasankhe mipando ya m'sitima."