Nyenyezi za m'Belo

Lachinayi m'mamawa, pa Kamuzu Road,
ndimadula waya wa belo ndi pulayala yobwereka.
Belo limapuma ngati ng'ombe yogwa,
fungo la mankhwala akutali limandilowa m'mphuno,
kenako zimatuluka:
nyenyezi, mizere yofiira ndi yoyera,
pa malaya, pa chipewa, pa sokosi yopanda inzake,
pa thewera la khanda,
pa kabudula wam'kati wa bambo wina wonenepa
amene sindidzamuona.

Anthu awa, abale.
Mbendera n'kuikhalira?
Bambo anga akanaona akanalavula.
Nthawi yawo, mbendera ikamatsika pa boma
njinga inkaima, mtolo wa nkhuni unkaima pamutu,
chifuwa ukachimva unkachimeza.
Kaya chinali chikondi, kaya mantha, sindinawafunse.
Yankho anapita nalo kumanda.

Dana, mtsikana wa ku Amereka wothandiza pa chipatala cha Khombedza,
amabwera kudzasankha masiketi.
Chichewa chake n'chokhotakhota ngati msewu wa Khwekhwerere
koma mtengo amanenerera ngati wobadwira pompano.
Dziko lake amalinena, ee, amalinena:
mfuti m'masukulu,
odwala kugulitsa nyumba kuti alipire dokotala,
atsogoleri olongolola ngati akazi a pamitala.
Ndinati mwana uyu kwawo adakutaya.

Tsiku lina mu Julaye, mwera ukuulutsa fumbi,
anaona kambendera pansi pa benchi,
kamene ndinkapukutira nsapato zogulitsa.
Sananene kanthu.
Anakatola, anakakung'untha,
anakapinda pabondo pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya,
n'kupereka faifi handiredi osanenerera.
Maso anali atafiira. Anati ndi fumbi.
Ndinamva pambuyo pake kwa anamwino
kuti mchimwene wake adabwerako kunkhondo
atafunditsidwa yoteroyo.

Ndiye ine sindiwamvetsa.
Dziko lawo amalitukwana pakamwa podzaza,
koma talitukwana iwe, uone.
Amati ndi loposa onse pansi pano,
amanena osaseka,
monga munthu anenera kuti mchere ndi wowawa,
chonsecho ena a iwo ukawapatsa mapu
Malawi amamufuna m'nyanja ya mchere.

Mphwanga Lonjezo adapita ku Indiana ndi mwayi wa lotale.
Chaka chatha anatumiza chithunzi:
tayi wofiira, dzanja m'mwamba, akulumbira,
kumbuyo kwake nyenyezi zomwezi
zimene ine ndimagulitsa zitatu pa sauzande.
Amayi anayang'anitsitsa foni nthawi yaitali
n'kunena kuti, bola wanenepa.

Nanga ife lathuli timalikonda bwanji?
Pa mzere wa mafuta timalinyoza mpaka kukhosi kuuma.
Mbendera yathu adaisintha, n'kuibwezeranso,
ife tili pamsika, tikuwerenga chenji.
Pa sikisi Julaye ndimayala katundu monga masiku onse,
wailesi ikulankhula yokha.
Koma tsiku lija dalaivala wa thiraki wochokera kutsidya kwa malire
atanena kuti kuno n'kwa anthu ogona,
ndinamuponyera ndalama yake,
jekete ndinamuvula ndekha,
manja akunjenjemera,
osadziwa kuti ukaliwo unkagona pati zaka zonsezi.
Usiku umenewo ndinakumbuka Dana ndi fumbi lake.

Lero malonda ayenda pang'ono.
Malaya a chiwombankhanga watenga Yohane wakabaza,
uyo akukwera nawo mtunda wa ku Kaphatenga,
mayi ndi thumba la mpunga pakaliyala,
nyenyezi makumi asanu pamsana pake
zikunyowa ndi thukuta la Salima.
Sanaziwerenge.
Anangoikoka nsaluyo uku ndi uku
n'kunena kuti iyi ndiye yolimba.

Kabudula uja palibe wamufuna.
Ndamutsitsa mtengo kawiri.
Ndikamupinda, sindidziwa chifukwa chake,
ndimayamba ndamukung'untha fumbi.