Yoza

Ine ntchito yanga ndi kusita zovala za eni.
Simbi yanga ya makala imadziwa makolala a mu Lajpat Nagar
kuposa mmene eni akewo amawadziwira.
Ndiye za kaunjika musandiphunzitse:
chilichonse chimene ndimagwira chinafundapo thupi la wina.

Loweruka ndinazimitsa makala dzuwa lili pamutu,
ine ndi Zoya ulendo wa ku Nehru Place,
marupi zikwi khumi ndi zinayi nditasokerera m'thumba lam'kati,
miyezi isanu ndi iwiri ya mashati,
ndi tiyi wa masana amene sindinamwe.

Kumeneko anyamata amakukoka mkono
ngati uli nawo ngongole.
Tinakwera masitepe onunkha mawaya opserera
mpaka pa kashopu ka Bambo Chaddha,
kothina moti ukayetsemula umapepesa khoma.
Malaputopu atasanjikizana ngati mbale zosatsuka.

"Iyi yachokera ku banki ya ku Jeremani,
fumbi siilidziwa, batire tasintha,
zam'kati tafufuta zonse. Ndi khanda ili."

Khanda ndimalidziwa ine. Ili silinali khanda.
Batani la E linali litaperepeseka,
pakona panali chipsera,
pachivundikiro zomata za kapepala
kamene wina anamatula ndi chikhadabo.
Ndinainunkhiza monga ndimachitira ndi jekete lachilendo.
Zoya anandiponda phazi.

Anati zikwi khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Ndinaseka, n'kutembenuka ngati ndikupita,
mawondo akugundana poopa kuti sandiitana.
Anandiitana pa sitepe yachitatu.
Chaja anaika ya mbasela.
"Ikafa miyezi itatu isanathe, bwerani nayo.
Ikafa tsiku lotsatira, zimenezo n'za Mulungu."

Madzulo tinaikhazika pa thebulo langa lositira,
pansi titayala nsalu ya bedi ya Mayi Sodhi
(sadzadziwa, ndinaisitanso).
Inapuma kaye ngati munthu wochokera kutali,
kenako mbee! kuwala pankhope za tonse.
Zoya anapukuta zala pa diresi
n'kulemba dzina lake.

Yoza.

Anafufuta. Analembanso, pang'onopang'ono,
chala chikuloza chilembo chilichonse.

Yoza.

Mlongo wake Faizan anagubuduka ndi phwete,
amake anabisa kamwa m'mpango,
iye misozi lengelenge: "Atipusitsa, ababa."
Mnyamata wa pakhomo loyandikana ndiye anatimasulira:
kwawo kwa makinawa Z ndi Y anasinthana mipando,
cholembedwa pamwamba si chimene chili pansi.
Ankati akonza. Zoya anakana.
Ndinati mawa ndibweza. Anaikumbatira.

Tsopano kuti apeze dzina lake
amadina chilembo cholakwika,
ndipo zala zazolowera, sayang'ananso.
Fomu ya ku koleji anadzaza yekha,
osalipira munthu wa pa shopu ya intaneti.

Usiku ine ndikusita, iye akugogoda,
ndimaganiza za mwini chala chija
chimene chinadya E mpaka kumumaliza.
Ankalembanji chosatha chotero?
Ankawerengera ndalama za ndani?
Kodi akudziwa kuti makina ake sanafe,
kuti amagona pamwamba pa thumba la makala
atafunda thaulo,
kuti magetsi akathima amatiunikira tikamadya?

Makwinya ndimachotsa, ndi ntchito yanga.
Koma chigongono cha munthu sichichoka m'jekete
ngakhale uwaze madzi, ukanikize ndi mphamvu zonse.
Wovala wachiwiri amangolowetsa mkono wake momwemo
mpaka nsalu itamuzolowera.

Miyezi itatu inakwana Lachiwiri.
Lachitatu ndinadzuka m'bandakucha kukaiyatsa mobisa.
Inapuma. Inayaka.

Dzulo ndaona batani la A layamba kuyera pakati.
Limenelo si la ku Jeremani, n'lathu.
Ndinaitana, "Yoza, tiyi wapsa!"
Anayankha osatukula mutu.