Mwana Wotsala Pakhomo

Lachiwiri ku chipatala cha Thyolo
namwino anatseka katani, nayatsa katochi konga cholembera.
"Bambo Nakoma, penyani khoma. Musaphethire."
Ndinapenya khomalo.
Linali ndi mng'alu wokhotakhota ngati msewu wa ku Makwasa.

Anati, "Mwanadiso wanu wachepa,
ndipo akuchedwa kuyankha kuwala.
Si matenda ayi. Ndi zaka."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ana anga asanu anakula onse nkundisiya,
wina ali ku Joni, wina amasoka malaya ku Luchenza,
koma uyu yekha amene sanachoke pakhomo
ndiye akubwerera ku ukhanda.

Ine amene ndinkatsika ndi lole ya masamba a tiyi
usiku wa chiperoni, nyali imodzi itafa,
nkuiona mbuzi yakuda isanaganize nkomwe zowoloka!
Lero wa kabaza akandithira nyali pa Bvumbwe
ndimaima chilili m'mbali mwa ngalande,
kuwala kutakanirira m'maso ngati utsi wa nkhuni zaziwisi,
mnyamatayo atafika kale kwawo.

Masana ndikachoka padzuwa kulowa m'nyumba
ndimayamba ndaima pakhomo, dzanja pachitseko,
kudikira mpando kuti ubwere,
tebulo libwere,
kenaka nkhope ya make Elube.
Iwo amayesa ndikuganiza za ngongole ya feteleza.
Sindiwatsutsa.

Dzulo magetsi atathima
ndinavala mandala nkuitana Sigele,
mdzukulu amene wangogwetsa mano akutsogolo.
Mumdimamo chakuda cha m'diso lake
chinali yasa ngati kukamwa kwa mtsuko.
Nditangomuwunika ndi foni
chinafota pomwepo,
ngati nkhono imene waikhudza nyanga.

"Inunso, agogo."
Anandilanda foni, nandigwira chibwano
ndi zala zonunkha nanazi.
"Kanu nkakang'ono ngati njere ya mpiru.
Sikakusuntha."
"Kasuntha, dikira."

Tinadikira awiri.
Kunja mvula inali itayamba kuyesa malata,
galu wa a Makwinja akuuwa chosaoneka.

"Eya, kasuntha. Pang'ono pokha.
Koma agogo, ndikudziona m'katimo."
"Wakwanamo?"
"Mutu wokha. Ndi khutu limodzi."

Ndinati zimitsa, batire lingathe.
Anazimitsa, nathamangira kuchipinda osagunda kanthu.
Ine ndinatsala pampando,
mutu wake ndi khutu limodzi zili m'diso,
kudikira kuti nyumba yanga ibwerere.