Makina a Mayi Odesa

Anatsika lole ya mbatatesi pa Ulongwe
chaka chachiwiri mfuti zitakhala chete,
imvi mbuu, magalasi omanga ndi ulusi,
khungu lathu lomweli, koma lilime lachilendo.
Tinawalonjera m'Chinyanja, anangomwetulira.
M'Chipwitikizi, anapukusa mutu.
Wina anati ngogontha.
Wina anati ayi, ndi mdzukulu wa aja anapita ndi chombo,
wabwera kudzaona ngati pakhomo padakali utsi.

Katundu wawo: sutikesi imodzi
ndi bokosi limene amuna anayi ananyamula akutukwana.
Munali makina opukusa ndi dzanja,
onunkha ngati palafini wothira pa chilonda.

Mbiri yawo sanaifotokoze mwandondomeko.
Tinkachita kukunkha, ngati mtedza m'munda wokolola kale.
Akuti ku Amereka anayamba ndi choko,
m'kalasi yodontha, mabuku ofika atathaitha
m'manja mwa ana a azungu kutsidya kwa njanji.
Analemba zimenezo. Ntchito inatha Lolemba.
Lachisanu anabwereka tebulo kuseri kwa ometa tsitsi
nayamba nyuzi yawoyawo, masamba anayi,
zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Njerwa inalowa pawindo kawiri.
Za chipsera cha padzanja lamanzere
anangoti: pepala limayaka msanga, mwanawe,
koma amene wawerenga, wawerenga.

Tinali asanu ndi awiri m'chipinda cha kuseri kwa sukulu.
Ine ndinalemba kuti anthu ambiri akudandaula.
Cholembera chofiira chinadutsa pamenepo ngati mpeni.
Ambiri ndi angati, Jerevaziyo?
Alibe maina? Unawaona wekha?
Ndinapalasa njinga mpaka kunsi kwa Domwe,
matako kuwawa, mtima kuwira,
ndinawerenga: alimi khumi ndi asanu ndi awiri,
sikelo imodzi yonama, makilo atatu pa thumba lililonse.
Nkhani itatuluka, mwini sikelo anagula nyuzi zonse
mazana awiri, nazitentha kuseri kwa golosale.
Mayi Odesa anaseka mpaka kutsokomola:
moyo wanga wonse sindinagulitsepo zonse tsiku limodzi!
Usiku womwewo tinapukusanso.

Koma tsamba limene anthu ankalimbirana linali lomaliza,
la maina okhaokha.
Obwerera kuchokera ku misasa ya ku Malawi
ankaima pamzere, zipewa m'manja:
Felizimina Kachingwe akufuna mlongo wake,
anasiyana pa Tsangano, usiku, ali ndi mbuzi.
Alubino wa ku Furankungo, amako ali moyo.
Ena anapezana. Ambiri ayi.
Pepani mayi, ndawerenga:
opezana makumi atatu ndi mmodzi,
otsala mazana anayi ndi asanu ndi anayi.
Dzina lililonse ankalitchula mokweza asanalitayipe,
kulipotoza, kulibwereza, mpaka mwini wake avomere.
Ankati kwawo kuli anthu amene maina awo anamira panyanja,
palibe anawasungira tsamba.

Mvula yachinayi miyendo inatupa.
Anakwera basi ya ku Tete osatsanzika bwino,
makina anatisiyira, ndi ngongole ya mapepala.
Kalata inabwera kamodzi, kawiri.
Kenako chete.

Nyuziyo inafa ndili nayo m'manja, ndisaname.
Inki inakwera mtengo, anzanga anapita ku malasha ku Moatize.
Lero ndimajambula ziphaso pafupi ndi msika,
mametikali asanu tsamba limodzi.
Makina aja ali pansi pa tebulo, dzimbiri lokhalokha,
mphaka amagonapo.

Dzulo mwana wanga wamkazi, maso pa foni,
anati: bambo, akuti mlatho wa Revubwe wagwa.
Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu
m'Chinyanja chopindika chija, cha munthu wa kutali:
Akuti ndani?
Unaona wekha?