Kuwerenga Mapasa ku Tartu

Mu Juni kuno usiku umangoyerekeza.
Leveni koloko, mtsinje wa Emajõgi ukali mbee,
Ülle watsikira m'chipinda chapansi,
wotchi ndi makiyi wasiya pakhomo:
maginito a muno alibe chibale ndi chitsulo.

M'dzanja lake muli kachubu kowonda ngati udzu,
timadzi take tosadzaza n'supuni yomwe.
M'menemo muli mapasa.
Maatomu ndi omwewo, kulemera n'komweko,
koma wina anatambasula manja uku ndi uko,
mnzake anawapindira mbali imodzi.
Sikelo siingawasiyanitse. Diso ndiye kaya.

Kachubu kamira m'mimba mwa thanki yozizira,
kakuzungulira.
Funde la wailesi lagogoda kamodzi
ndipo mahaidirojeni ayankha,
aliyense ndi liwu la pamalo pomwe wakhala.

Pa sikirini pamera timapiri ta nsonga ziwiriziwiri.
Za wotambasula uja zatalikirana: sikisitini.
Za wopinda zayandikana: thwelofu.
Komatu msinkhu wa phiri umanama;
yeza dothi lonse lomwe phirilo launjika.

Lachiwiri iye anauza aprofesa,
asanu ndi anayi pa khumi alionse ndi otambasula.
Lero atsala asanu ndi awiri.

Priit, wosamalira makina, akutafuna buledi wakuda m'khonde.
Wapupuluma, akutero.
Ena mwa awa amachedwa kubwerera mwakale.
Uziwasiya apume usanagogodenso,
apo ayi uwerenga ofulumira okhaokha.

Wawapatsa masekondi makumi atatu.
Gogodo. Zii. Gogodo. Zii.
Khofi wazizira m'kapu.
Asanu ndi awiri kwa atatu, yemwe uja.

Akukwera masitepe mwendo uli lende,
ndipo m'labotale, apo pawindo,
botolo lake lili chilili, lopanda chofunda,
likuwothera kuwala kosadziwa kuweruka.
Masiku anayi dzuwa lakhala likulowa m'galasimo
n'kumapinda manja a mmodzimmodzi,
mwakachetechete, popanda wolituma.

Ülle waseka kaseko kowawa.
Wang'amba pepala la aluminiyamu,
wakulunga botolo mpaka m'khosi,
ngakhale madzi atayika kale.

Watsegula kope pa tsamba la Lachiwiri.
Sanafute kanthu.
Pansi pake walemba ndi inki, 7 : 3,
n'kuwonjezera timalemba ting'onoting'ono:
linagona pawindo.

Kunja mbalame zayamba kale kulira,
ngati kunada.