Banga la Pamsana

Linafika Lachiwiri m'thumba la pulasitiki,
litakwinyika ngati munthu wogona m'basi.
Benedita analiyala patebulo langa:
Dona Ermelinda, lichapeni, ndikalisunge.
Kunja mvula ya ku Porto inkawaza,
mabwato a pa Douro akugwedezeka pamalo amodzi.

Ku ukwatiko sindinapite,
koma diresi silisunga chinsinsi.
Mpendero wakuda bii: anayenda wapansi
kuchokera kutchalitchi, pamiyala yoterera ija.
Vinyo wofiira pachifuwa, madontho atatu.
Mpunga womwe anamuwaza ukadali m'makwinya.
Batani limodzi likulendewera pa ulusi,
wina anamukumbatira mopitiriza muyeso.
Amene ndimawaopa ine ndi mabanga osaoneka,
thukuta la m'khwapa, shuga wa keke.
Lero ali phee, koma pakatha zaka zisanu
adzatuluka achikasu ngati mano a wosuta fodya.

Nditalitembenuza ndinaona pamsana,
mmunsi mwa phewa, zala zinayi zakuda.
Girizi. Ndinatambasula dzanja kutenga botolo.
Apo pokha musakhudzepo, anatero.

Bambo ake, Abílio, amakonza injini za mabwato.
Sabata yonse anakhula manja ndi ndimu ndi mchenga,
koma girizi wa zaka makumi anayi samva ndimu.
Anavina naye nyimbo imodzi, theka lake,
kenaka anapempha mpando, mpweya ukuperewera.
Zina zonse Benedita sananene.
Ine sindinafunse.

Masiku atatu ndinachapa ndi manja,
madzi ofunda pang'ono, kaburashi kofewa,
kuzungulira zala zija
monga amalambalalira munthu wogona pakhomo.
Ntchito yanga ndi kuchotsa.
Kusiya sindinaphunzireko.

Ndinalikulunga m'mapepala oyera, osati pulasitiki,
pakuti nsalu nayo imapuma.
Usalikoleke, ndinamuuza, mapewa adzatopa.
Usaliike kudenga kotentha,
kapena pansi pomwe chinyezi chimabala nkhungu.
Bokosi likhale kunsi kwa bedi.
Kamodzi pachaka usambe m'manja, ulitsegule,
ulipinde mwa njira ina
kuti mzere umodzi usadule ulusi.

Ndipo dziwa, mwana wanga,
girizi amadya nsalu pang'onopang'ono.
Tsiku lina pamenepo padzabooka.

Anakumbatira bokosi ngati khanda,
ambulera atakanikiza ndi chibwano.
Adye, anatero, n'kukankha chitseko ndi phazi.